Dambwe la kuchilendo: kodi yunivesite ingasunge gule wa ku Chitungwiza?

Madera a ku Seke, m'tauni ya Chitungwiza, alibe mayina a mafumu kapena a mitsinje monga ilili midzi ya ku Dedza kapena ku Katete. Amatchulidwa ndi zilembo: Unit A, Unit B, mpaka kutsogolo. Mlendo wofika ku Unit G amaona nyumba zing'onozing'ono zothithikana, amayi ogulitsa tomato ndi masamba m'mphepete mwa msewu, ndiponso maminibasi otuta anthu m'mamawa kupita nawo ku Harare, mtunda wa makilomita pafupifupi 25. Chinenero cha mumsewu ndi Chishona. Komabe akafunsa mayina a mabanja, m'dera lino ngakhalenso ku Zengeza ndi ku St Mary's, sachedwa kumva za a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe. Ndipo tsiku limene kwagwa maliro a mkulu wodziwa mwambo, mbalule ikalira, ana a Chishona amathamanga akufuula kuti zvigure zafika.

Zvigure ndi dzina limene Ashona anapatsa Gule Wamkulu. Guleyu wakhala m'dziko la Zimbabwe kwa zaka zoposa 100, ndipo amene anamusunga si boma, si sukulu, komanso si mafumu a dzikolo. Anamusunga ndi anthu okumba migodi, olima fodya m'mafamu a Azungu, ophika ndi alonda. Lero ambiri mwa iwo anatsikira kulichete, ndipo otsalawo ndi okalamba. Funso limene likubwera nlakuti adzalandira ng'omayi ndani, ndiponso ngati sukulu za ukachenjede, zimene masiku ano zikulankhula kwambiri za chikhalidwe, zili ndi gawo pa nkhaniyi.

Anabwera nawo pa msana

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna ochokera ku Nyasaland, kuchigawo cha kummawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete ankatsika kummwera kukafuna ndalama ya msonkho ndi nsalu. Ena anatengedwa pa chibalo ndi bungwe la Rhodesian Native Labour Bureau lomwe linakhazikitsidwa mu 1903. Ena anayenda pansi masabata angapo, kudzera ku Tete ndi kuwoloka Zambezi. M'zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayamba kunyamula anthuwa pa malole aulere, n'chifukwa chake ulendowo unkatchedwa Ulere, ndipo kuyambira mu 1946 kunabwera Mthandizi. Pa nthawi ya chitaganya, kuchokera mu 1953 kufika mu 1963, njira inatseguka kwambiri. Amene sanabwererenso kwawo anatchedwa matchona, pamene eni nthaka anawatcha Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale ambiri a iwo Blantyre anali asanamuonepo.

M'makomboni a migodi monga Shamva, Trojan ku Bindura, Mhangura, Dalny ku Chakari ndi Wankie, anthuwa anafunika kuika anzawo m'manda mwa mwambo. Munthu wometa sangapite ngati nkhuku. Motero anapeza nkhalango pafupi ndi komboni, nakhazikitsa dambwe, nasema ng'oma, ndipo Kasiyamaliro anatuluka pa nthaka ya eni. Ayao nawo anabwera ndi beni, amayi anabwera ndi chimtali. Eni migodi ambiri sanaletse magulewa chifukwa ankaona kuti antchito akavina Lamulungu sakhala ndi maganizo othawa. Akatswiri a mbiri yakale monga Anusa Daimon, amene anafufuza za Amalawi a ku Zimbabwe, ndi Zoe Groves, amene buku lake lonena za matchona linatuluka mu 2020, aonetsa kuti magule, mipingo ndi mabungwe a maliro ndizo zinali mudzi wa anthu amene analibe mudzi.

Tauni ya Chitungwiza inapangidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, kuti ikhale kogona anthu ogwira ntchito ku Harare. Pa kalembera wa mu 2022 inapezeka ndi anthu oposa 370,000. Mabanja ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anafikamo pang'onopang'ono: ena atapuma ntchito m'mafakitale, ena migodi itatsekedwa monga unachitira wa Mhangura mu 2000, ndipo enanso atachotsedwa m'mafamu pa nthawi yogawanso malo imene inayamba chaka chomwecho. Mshona ntchito ikatha amabwerera kumudzi kwawo. Mwana wa mtchona alibe kumene angabwerere, choncho nyumba ya ku Unit G ndiyo mudzi wake, ndipo manda a ku Unit L ndiwo manda a makolo ake.

Tauniyi ikudziwa bwino zimene ana a matchona apereka ku dziko la Zimbabwe. Nicholas Zakaria wa gulu la Khiama Boys, yemwe anthu anam'patsa dzina loti Senior Lecturer ngakhale kalasi yake inali ya gitala, ndiponso Alick Macheso amene anakulira m'manja mwake pa zoimba, onse ndi a magazi a ku Malawi, onse anamanga ku Chitungwiza, ndipo onse anajambula nyimbo zina m'Chichewa. Anthu amavina nyimbo zawo mosanyinyirika. Koma gule wa makolo a oimba omwewa akadutsa mumsewu, ena amatseka zitseko.

Mavuto a gule wa m'tauni

Ku Malawi gule ali ndi mwini. Mfumu imene ili ndi mzinda ndiyo imaloleza kuti gule atuluke, atsabwalo amasunga bata, akunjira amaperekeza zilombo, ndipo mudzi wonse umadziwa malire a pakati pa bwalo ndi dambwe. Ku Chitungwiza mzinda wa mtundu umenewo ulibe nthaka yoimapo. Malo ndi a khonsolo, ndipo tchire lililonse limene latsala m'mbali mwa Manyame ndi Nyatsime likudulidwa mapuloti, ngakhale madambo amene. Dambwe silingakhale kuseri kwa nyumba ya lendi. Likasowa pobisala, chinsinsi chimayamba kuonekera, ndipo gule wopanda chinsinsi amasanduka masewera.

Vuto lachiwiri ndi chinenero, ndipo ili ndi lalikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Gule Wamkulu si mapazi okha. Chilombo chilichonse chili ndi nyimbo yake, ndipo m'nyimbomo ndi mmene muli mwambo: kudzudzula mkamwini waulesi, kuseka munthu wadama, kuchenjeza mfumu yaumbombo. Amene amapolokoza ndi kuwomba m'manja ndi amayi. Tsono matchona ambiri anakwatira akazi a Chishona, ndipo ana awo anatenga chiwongo cha bambo koma chinenero cha mayi. Pofika mbadwo wachitatu, mtsikana wa kwa Phiri angathe kuloweza mawu a nyimbo osadziwa chimene Chadzunda akunena kwa Maliya. Mpingo wa CCAP, umene sinodi yake ya Harare inalowa m'chiyanjano cha mpingowu mu 1965, wathandiza kwambiri kusunga Chichewa kudzera m'mapemphero ndi nyimbo. Koma aliyense wodziwa mbiri ya Nkhoma akudziwa kuti mpingo ndi dambwe sizidyera mbale imodzi. Choncho chinenero chasungidwa mbali ina, gule mbali ina.

Vuto lachitatu ndi chitonzo. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe ali ndi ziphaso zolembedwa kuti ndi alendo, osaloledwa kuvota. M'zaka zomwezo Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda ziwongo, mawu amene aliyense anadziwa kuti akulasa ndani. Mu 2005 ntchito yogumula nyumba ya Murambatsvina inafikanso ku Chitungwiza, ndipo anthu anauzidwa kuti abwerere kumidzi imene ena analibe. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anakonza zina: anavomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika, ndiponso anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Komabe mnyamata amene anakula akuchita manyazi ndi dzina la agogo ake sathamangira kukagula njira chifukwa choti lamulo lasintha.

Tisabise, ena mwa manyaziwa anawabweretsa ndi anthu a gule omwe. Nkhani za zvigure zothamangitsa ana a sukulu, zomenya anthu odutsa kapena zokakamiza munthu kulowa mwambo zimamveka m'manyuzipepala a ku Zimbabwe monga zimamvekeranso ku Malawi. Kumene kulibe mwini mzinda woti alange, mnyamata woledzera amabisala m'dzina la chilombo. Akuluakulu a mwambo amadandaula nazo, koma mphamvu zawo m'tauni n'zochepa.

Zimene anachita a ku Mexico

Dziko la Mexico lili kutali, koma linayenda njira imene ingatiphunzitse kanthu. Itatha nkhondo yosintha boma imene inayamba mu 1910, unduna wa maphunziro umene unakhazikitsidwa mu 1921 pansi pa José Vasconcelos unatumiza aphunzitsi m'midzi. Ntchito yawo inali kuphunzitsa, komanso ankalemba nyimbo ndi magule a anthu amene anawapeza, ndipo magulewo analowa m'sukulu za dziko lonse. Mu 1952 mayi wina wodziwa kuvina, Amalia Hernández, anayambitsa gulu limene linadzatchuka ndi dzina loti Ballet Folklórico de México, lomwe linatenga magule a m'zigawo n'kuwakonza kuti azionetsedwa m'nyumba za zisudzo. Mayunivesite anatsatira. Gulu la yunivesite ya Guadalajara linakhazikitsidwa mwalamulo mu 1966 motsogozedwa ndi Rafael Zamarripa, amene pambuyo pake anakayambitsanso gulu lina pa yunivesite ya Colima.

Chimene chikufanana kwambiri ndi nkhani ya ku Chitungwiza chinachitikira kutsidya kwa malire, ku United States. Kumeneko ana a anthu ochokera ku Mexico, amene makolo awo ankathyola zipatso m'minda ya ku California ndi kunyozedwa chifukwa cha Chisipanishi chawo, anayamba kulowa m'mayunivesite mochuluka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Atafika anayambitsa magulu ovina magule a kwawo. Gulu la Los Mejicas la pa University of California ku Santa Cruz linayamba mu 1972, ndipo magulu otere anafalikira m'masukulu ambiri. Ophunzira amakumana madzulo kuyeserera, amasonkha ndalama zosokera zovala za zigawo monga Jalisco ndi Veracruz, amaitana aphunzitsi ochokera ku Mexico, ndipo pakutha pa chaka amaonetsa gule makolo awo ali pampando. Amene amaliza maphunziro amasiyira amene akubwera.

Phindu lake silinali kusunga mapazi a gule kokha. Mwana amene ankabisa kumene akuchokera anaona chikhalidwe cha agogo ake chikulemekezedwa pamalo pamene pamalemekezedwa mabuku. Yunivesite inapereka zinthu zimene komboni singapereke: chipinda choyeserera, ndalama pang'ono, mosungira zojambula, ndi dzina loti anthu asamaderere.

Ku Africa kuno njira imeneyi si yachilendo. Gulu la Ghana Dance Ensemble linabadwira pa yunivesite ya Ghana ku Legon mu 1962, m'manja mwa J. H. Kwabena Nketia ndi Albert Mawere Opoku. Ku Malawi ophunzira a zisudzo ndi zoimba ku Chancellor College akhala akuvina magule a makolo kwa zaka zambiri, ndipo yunivesite ya MUST ku Thyolo ili ndi sukulu yapadera ya chikhalidwe, ya Bingu School of Culture and Heritage.

Gwape amene anachoka pamwambo

Komatu a ku Mexico analipira mtengo. Anthu a mtundu wa Yaqui, a m'chigawo cha Sonora, ali ndi gule wa gwape amene amavinidwa pa miyambo yawo yopatulika, wovinayo atasenza mutu wa gwape. Amalia Hernández anautenga guleyu n'kuukonza kuti ukome pamaso pa anthu olipira pakhomo: anawonjezera kudumpha kwa akatswiri, nafupikitsa zimene pamwambo zimatenga usiku, ndipo chimake chinakhala imfa ya gwape m'manja mwa alenje. Anthu a m'mayiko ambiri anaukonda. Lero ophunzira ochuluka amene amavina gule wa gwape amatsata wa m'nyumba ya zisudzo uja, osati wa eni ake. Akatswiri a chikhalidwe akhala akutsutsana za nkhaniyi kwa nthawi yaitali, ena akuti guleyu anapulumutsidwa, ena akuti chimene chinapulumuka ndi chikopa chabe.

Mchewa aliyense akamva nkhani imeneyi aganiza za Kasiyamaliro. Magule ambiri amene amavinidwa m'mayunivesite a ku Mexico ndi ku California, monga jarabe tapatío, ndi a chisangalalo, oti mnyamata ndi mtsikana aliyense angaphunzire. Anzake a magule amenewo kwathu ndi chimtali, chitelera, beni, malipenga ndi mganda. Gule Wamkulu sali m'gulu limenelo. Chilombo si munthu wovala zovala za gule ayi, ndi mzimu wochokera kudambwe, ndipo mwambo wonse waima pa mfundo imeneyi. Yunivesite imafuna kaundula wa mayina a ovina, imafuna kuti amuna ndi akazi, ometa ndi osameta, aphunzire limodzi, ndipo wofufuza amakwezedwa pa ntchito akasindikiza zimene wapeza. Dambwe limafuna kuti wodziwa atseke pakamwa. Malamulo awiriwa sangagone m'nyumba imodzi popanda wina kugonja.

Gule anayamba kale kutuluka m'bwalo lake, n'zoona. Pa nthawi ya Kamuzu Banda zilombo zinkavina pa misonkhano ya chipani ndi pa zikondwerero za ufulu. Ku Zimbabwe magulu a gule amapikisana nawo pa Chibuku Neshamwari, mpikisano wa magule a makolo umene unayamba mu 1963, ndipo kumeneko amapatsidwa mphindi zowerengeka pamaso pa oweruza okhala ndi mapepala. Mafoni a m'manja nawo akujambula zilombo n'kuziika pa Facebook ndi TikTok. Koma pa zonsezi amene amatulutsa gule amakhalabe eni mwambo. Kumuika m'manja mwa kalabu ya ophunzira, imene mamembala ake amasintha zaka zinayi zilizonse, ndi nkhani ina.

Pamene sukulu ingagwire

Mmene ife tikuonera, yunivesite isayese kukhala dambwe, koma pali ntchito yambiri ya pabwalo imene ikudikira. Yoyamba ndi nyimbo. Nyimbo za gule zimaimbidwa poyera, amayi ndi ana akumva, choncho kuzijambula, kuzilemba ndi kulongosola tanthauzo lake sikuulula chinsinsi. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976 ndipo anatha zaka zambiri akusonkhanitsa zilombo, nyimbo ndi matanthauzo ake mogwirizana ndi akuluakulu a midzi. Zimene anapeza zili m'nyumba ya Chamare ndi m'buku lake la mu 2012. Gule wa ku Zimbabwe akufunika ntchito yotere, chifukwa ali ndi mbiri yakeyake. Nyimbo zimene zinapekedwa m'makomboni zimanena za kapitawo, za mgodi, za njala ya m'famu ndi za kulakalaka kwawo. Nkhalamba imene ikuzidziwa ikamwalira ku Unit G, ku Dedza kulibe wina woti akafunsidwe.

Ng'oma nazo zingathe kuphunzitsidwa. Kusema mpanje, kukunga chikopa, kumata phula pa mbalule ndi kudziwa mmene ng'oma imayankhulirana ndi mapazi ndi luso limene wophunzira zoimba angalilandire kwa mwini wake. Chofunika n'chakuti mwini lusoyo alowe m'kalasi ngati mphunzitsi wolipidwa, osati ngati chionetsero cha tsiku la chikhalidwe chimene amachithokoza ndi botolo la chakumwa. Ndipo magule a poyera aja, chimtali ndi beni, ndiwo oyenera kalabu ya ophunzira monga za ku California, kumene mdzukulu wa mtchona angavine limodzi ndi mnzake wa Chishona kapena wa Chindebele, n'kumaphunzira Chichewa m'nyimbo.

Khomo lake lilipo kale. Boma la Zimbabwe linauza mayunivesite ake kuti maphunziro aziima pa chuma ndi chikhalidwe cha dzikolo, pa ndondomeko yotchedwa Education 5.0, ndipo mu 2024 linabweretsa silabasi ya m'sukulu yotsamira pa chikhalidwe. M'Chitungwiza momwemo muli koleji ya aphunzitsi ya Seke, imene ophunzira ake amakaphunzitsa ana a m'makalasi oyambirira, kuphatikizapo zoimba ndi zovina. Tikumbukire kuti ku Mexico ntchito inayamba ndi aphunzitsi, mayunivesite anabwera pambuyo. Mphunzitsi amene anamvapo kuchokera kwa eni ake chimene gule amatanthauza sangalole kuti mwana wa kwa Banda azisekedwa m'kalasi mwake kuti ndi mwana wa zvigure.

Palinso nkhani ya UNESCO. Mu 2005 bungweli linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chimodzi mwa chuma chapamwamba cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo mu 2008 anamulemba m'kaundula wake pansi pa mayiko atatu: Malawi, Mozambique ndi Zambia. Chaka chomwecho cha 2005 gule wa Mbende Jerusarema wa ku Murehwa analandiranso ulemu womwewo m'dzina la Zimbabwe. Gule wa ku Chitungwiza, wa ku Mbare ndi wa ku Shamva sanawerengedwe mbali iliyonse. Malamulo a UNESCO amalola kuti dziko lina liwonjezedwe pa chinthu chimene chinalembedwa kale, ngati mayiko okhudzidwa agwirizana ndipo eni mwambo avomera. Malawi ndi Zimbabwe anagwirapo kale ntchito limodzi pamene mbira ndi sansi zinalembedwa m'dzina la mayiko awiriwa mu 2020.

Kuti zimenezi zitheke pamafunika kaundula wa magulu amene alipo, mbiri yawo, ndi umboni wolembedwa woti eni mwambo afunsidwa ndipo alola. Imeneyi ndi ntchito ya anthu a mapepala, ndipo mayunivesite a ku Harare, Gweru, Masvingo, Zomba ndi Thyolo ali nawo anthu otere. Mbali ya mwambo ili ndi khomo lake: chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Kumeneko n'kumene akuluakulu a gule a ku Zimbabwe angakatule nkhani ya madambwe amene akudulidwa mapuloti ndi ya anyamata amene akuipitsa dzina la mwambo, ndipo n'kumenenso ofufuza angakauzidwe pamene kamera iyenera kulekezera.